Sitima Tinali Nayo Kale ku Matero

Chakumayambiriro kwa 2013 nkhani imene inatenga malo m'mabasi a ku Matero ndi ku George inali ya sitima yoyenda pansi pa nthaka. Miyezi ingapo m'mbuyomo boma la Pulezidenti Michael Sata linali litalanda njanji m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia, imene inkaiyendetsa kuyambira 2003. Pa ngongole ya madola 750 miliyoni imene boma linatenga kunja mu Seputembala 2012, madola 120 miliyoni anapatulidwira njanji. Kenako a Sata anaitana Pulofesa Clive Chirwa kuchokera ku Britain kuti adzatsogolere Zambia Railways, ndipo mkuluyo atangofika anayamba kulankhula zikuluzikulu: sitima zamagetsi, sitima zaliwiro, ndiponso sitima yodutsa kunsi kwa Lusaka monga zilili ku London. A Sata eni ake London ankaidziwa bwino, pakuti pa unyamata wawo anagwirapo ntchito pa siteshoni ya Victoria.

Anthu a m'komboni nkhani yotere amailandira ndi nthabwala. Mkulu wina wa Chibemba, atamva Chinyanja changa cha ku Katete, anandigogoda paphewa nati, "Inu a kum'mawa ndiye mwapambana. Akayamba kukumba, mbewa zonse za mu Lusaka zikhala zanu." Mayi wina amene anafungata beseni la tomato sanadikire kuti ndiyankhe. "Musadandaule ba mbuya," anatero kwa mkuluyo, "inu tidzakumangirani ina ya m'mitengo, kuti muzikwera pamodzi ndi ndiwo zanu." Basi yonse inafa nacho chiseko. Pofika Epulo chaka chomwecho a Chirwa anali ataimitsidwa pa ntchito, ndipo za sitima ya pansi sitinamvenso.

Chimene chinandikhala pamtima masiku amenewo sichinali kukula kwa lonjezolo, pakuti malonjezo tinawazolowera. Chinali chakuti anyamata ndi atsikana amene tinkapanikizana nawo m'mabasimo sankadziwa kuti Lusaka inakhalapo kale ndi sitima ya anthu ake, ndipo inkadutsa kuseri kwa nyumba zawo zomwezo. Ndikawauza kuti ine ndinkakwera sitima kuchokera ku George kupita m'tauni, ankaganiza kuti ndikupitiriza nthabwala ya mbewa ija. Sitimayo inali ya Njanji Commuter. Inayamba kuyenda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zaka zomwezo zisanathe inali itaima. Njira yake inali ya makilomita pafupifupi 13, kuchokera ku George, kudutsa Matero, kulowa m'tauni, kenako Kamwala, Kabwata ndi Libala mpaka ku Chilenje, kumene kuli nyumba nambala 394 imene munkakhala a Kenneth Kaunda pa nthawi yomenyera ufulu.

Mzinda uno unabadwira pa njanji. Mu 1905 anthu oyala njanji yochokera ku Livingstone kupita ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero tikuti Kabwe, ankasiya kasiteshoni kopatukirapo sitima pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 20 alionse. Kamodzi ka timasiteshoni timeneti kanagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Panalibe mtsinje waukulu, panalibe mgodi, panali njanji basi ndi chidikha chimene chinkadzaza madzi dzinja lililonse. Amalonda anamanga timasitolo moyang'anana ndi njanjiyo, ndipo msewu wa timasitolo timeneto ndi umene unadzakhala Cairo Road. Mu 1935 atsamunda anasamutsa likulu lawo kuchoka ku Livingstone kubwera kuno. Nyumba za boma ndi mayadi awo anazimanga pa chitunda cha kum'mawa kwa njanji, pouma ndiponso pa kamphepo kabwino. Kumadzulo ndi kumunsi, kumene madzi amadikha, anasiyirako mafakitale ndi ife.

Munthu wakuda masiku amenewo ankawerengedwa mlendo m'tauni. Ankayenda ndi chitupa, nyumba inkabwera ndi ntchito, ndipo ntchito ikatha nyumbanso yatha. Matero anamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala antchito olembedwa. Amene analibe mwayi umenewo ankapempha malo kwa eni mafamu ndi eni migodi ya miyala, n'kumalipira kangachepe mwezi ndi mwezi. Umu ndi mmene anayambira makomboni a George, John Laing, John Howard, ndi Chawama imene kale inkatchedwa Roberts. Kalingalinga inamera chimodzimodzi kum'mawa kwa mzinda. Ufulu utabwera mu 1964 chitupa chinatha, anthu anakhamukira ku Lusaka, ndipo boma linayamba kuthamangira m'mbuyo mwa anthu: mapuloti a ku Mtendere mu 1967, lamulo lovomereza makomboni mu 1974, kenako ntchito yoika mipopi ndi misewu ku George ndi ku Chawama ndi ndalama za World Bank. Pa zonsezi funso limodzi silinayankhidwe, loti anthu amene aikidwa kutali ndi ntchito azifika bwanji ku ntchitoko.

Amene anakhalapo mu Lusaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akukumbukira mabasi a boma a UBZ. Munthu unkadzuka tambala woyamba, n'kukaima pa mzere, basi osaoneka. Ikatulukira mzere unkathera pomwepo, amphamvu n'kulowera pa windo, ndipo amayi a ana kumbuyo ankatsala akupukuta fumbi kumaso. Atate ankagwira ntchito ku mafakitale, ndipo masiku ambiri ankangoyenda pansi m'malo motaya nthawi pa mzere. Amayi ankagula kapenta ndi masamba ku msika wa Soweto n'kumadzagulitsa pakhomo. Kwa anthu awiri amenewa kubwera kwa sitima sikunali nkhani ya pa wailesi. Kunasintha nthawi yodzukira m'nyumba mwathu.

Sindinganene kuti sitimayo inali yokongola. Malo okwerera analibe chodabwitsa, mabogi anali ochepa, ndipo m'mawa ndi madzulo ankadzaza mpaka anyamata ena kumalendewera pa khomo. Inkayenda pang'onopang'ono, ikulira pa mphambano iliyonse, ana akuithamangira m'mbali. M'kati munali fungo la thukuta, la kapenta ndi la sopo wa anthu opita ku maofesi. Mlaliki sankasowa. Koma mtengo wake unali wotsika kuposa wa basi, mtolo unkapeza pokhala popanda mkangano, ndipo munthu wa ku Matero ankatha kukaona mbale wake ku Chilenje osatsika m'tauni kuti akafune galimoto ina. Amayi ankandidzutsa ndi mawu amodzi okha: "Mwanawe, sitima siikudziwa." Ankatanthauza kuti ikakwana nthawi ipita, kaya ndavala nsapato kaya ayi.

Mawu amenewo ndawaganizira kwambiri nditakula, chifukwa m'menemo ndi mmene muli kusiyana konse kwa sitima ndi minibasi. Minibasi imanyamuka ikadzaza. Ng'wang'wazi akakuuza kuti "mmodzi watsala, amai, tiyeni," ukalowa upeza theka la okhala m'katimo ndi anzake omwe, amene amatsika mmodzimmodzi anthu enieni akamabwera. Nthawi yako ili m'manja mwa munthu wina amene sanadzuke n'komwe kunyumba kwake. Ukanena kuti ndifika 8 koloko ndiye kuti walosera. Sitima imanyamuka nthawi ikakwana, yadzaza kapena ayi, ndipo munthu wosauka amene wakhala moyo wake wonse akudikira ena, kuchipatala, ku ofesi ya boma, pa geti la abwana, amapeza chinthu chimodzi chimene chamulonjeza ola ndipo chikuyesetsa kulisunga. Njanji Commuter nthawi zina inkachedwa ndithu. Komabe munthu unkadziwa kuti yachedwa, chifukwa panali ola loyezerapo. Minibasi siichedwa, pakuti sinalonjezepo kanthu.

Sitimayo inabadwa pa nthawi yovuta. Mu 1991 boma linasintha, a Frederick Chiluba analowa, ndipo makampani a boma anayamba kugulitsidwa kapena kutsekedwa. Zambia Airways inatha mu 1994, UBZ mu 1995. Boma linafewetsa msonkho wa mabasi olowa m'dziko, ndipo m'zaka zochepa misewu inadzaza ndi timabasi tabuluu tochokera ku Japan. Kunena chilungamo, timabasi timeneti tinathetsa mizere ija. Tinkalowa m'kati mwa komboni, tinkaima paliponse munthu wakweza dzanja, ndipo tinapatsa ntchito anyamata ambirimbiri. Kasitima ka mabogi otopa, kopanda woikamo ndalama zokonzera, sikakanatha kulimbana nato. Kataima, anthu sanachite maliro. Ambiri tinkayesa kuti kapita kukakonzedwa.

Chimene chinatsatira ndicho chimandiwawa kuposa kuima kwa sitimayo. Zitsulo zinayamba kusowa usiku, kupita kwa ogula zitsulo zakutha. Miyala ya pansi pa njanji inapita kukathira maziko a nyumba. Pamene panali njira panamera kantemba, kantemba n'kukhala golosale, golosale n'kukhala nyumba ya midadada, kenako tchalitchi, bala, garaja. Ena malowo anachita kugula kwa anthu amene analibe mphamvu iliyonse yowagulitsa. Wogulayo sindimuweruza. Munthu amene akulipira lendi ya chipinda chimodzi ndi ana asanu, akaona malo opanda kanthu zaka zikupita, ndipo wina akumuuza kuti bweretsa ndalama umange, sangaganize za mayendedwe a mzinda wa zaka makumi awiri kutsogolo. Amene ankayenera kuganiza zimenezo ankalipidwa kuti aziganize. Injini imagulidwa, mabogi amagulidwa, zitsulo zimayalidwanso. Koma kamzere ka nthaka kopanda nyumba, kodutsa pakati pa mzinda kuchokera ku George mpaka ku Chilenje, kakapita sikabwerera popanda kugwetsa nyumba za anthu ndi kulipira chipukutamisozi chochuluka. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Siteshoni ya pansi pa nthaka ndinadzaiona ndi maso anga ku Johannesburg, nditapita kukaona muphwa wanga amene amagwira ntchito kumeneko. Pambali pa Park Station yakale, pamene mabasi ambiri ochokera maiko athu ano amatsitsira anthu, pali khomo la Gautrain. Ukalowa umatsika ndi masitepe oyenda okha, phokoso la msewu n'kutsala kumwamba. Ndalama sizigwiridwa m'manja: umagunditsa khadi pa geti, geti n'kutseguka. Pali alonda, pali chikepe cha anthu oyenda pa njinga za olumala, ndipo pamwamba pali bolodi lowala lokuuza mphindi zimene zatsala kuti sitima ifike. Kudya ndi kumwa m'katimo n'koletsedwa, ngakhale kutafuna chingamu. Muphwa wangayo ataona ndikuyang'anitsitsa bolodi lija anaseka. "Amalume, musaope, ibwera." Inabweradi pa mphindi imene inalembedwa.

Ndinasirira, sindikana. Koma pobwerera ndinayamba kuwerenga zimene siteshoniyo inandipatsa: denga, kuwala, chitetezo, mtengo wodziwika umene susintha chifukwa mvula yagwa, ndiponso nthawi. Pa zonsezi palibe chimene chinachokera ku kuya kwa dzenjelo. Anakumba chifukwa pamwamba panali patadzaza kale nyumba zitalizitali, ndipo kukumbako kunadya ndalama zosaneneka. Mbali yoyamba ya Gautrain inatsegulidwa mu Juni 2010, mpira wa dziko lonse uli pafupi kuyamba, koma ya pakati pa Rosebank ndi Park Station inadikira mpaka 2012 chifukwa madzi ankalowa m'njira ya pansiyo mopitirira muyezo. Ndinaonanso amene ankakwera. Ambiri anali a masuti ndi zikwama za kompyuta, opita ku Sandton, ku Pretoria kapena ku bwalo la ndege. Ku Soweto sitimayo siifika. Muphwa wangayo tsiku limenelo anakwera chifukwa cha mlendo. Masiku onse amayendera matekisi.

Ku London nako sizinayambe mwaulemu monga zimaonekera lero. Njanji yoyamba ya pansi pa nthaka pa dziko lonse inatsegulidwa pa 10 Januwale 1863, kuchokera ku Paddington kufika ku Farringdon. Ankakumba chingalande mumsewu, kuyalamo njanji, n'kufotsera pamwamba. Kumene msewu sunawalole anagwetsa nyumba, ndipo zambiri zinali za amphawi. Ntchito ili m'kati, mu 1862, ngalande yaikulu ya zonyansa ya Fleet inaphulikira m'dzenjemo. Injini zake zinali za malasha, utsi uli tolo pansi pa nthaka. Chinthu chimodzi chimene anachita bwino msanga n'chakuti mu 1864 anayamba kugulitsa matikiti otsika mtengo kwa antchito okwera m'mamawa. Muno mu Africa, Cairo inatsegula yake mu 1987, ndipo Algiers inamaliza yake mu 2011 patapita zaka pafupifupi 30 chiyambire kukumba.

Tsopano tiyeni ku Kanyama mu Febuluwale. Aliyense amene anakumbapo chimbudzi kumeneko akudziwa zimene zili pansi pa mzinda uno. Ukakumba pang'ono wagunda mwala, ndipo mwalawo ndi wa laimu, wodzaza ming'alu ndi mapanga momwe madzi amayendamo. Chilimwe madziwo amatsika, dzinja amakwera mpaka kufika pakhomo. N'chifukwa chake zimbudzi zambiri za ku Kanyama amazimanga mokweza, zokwera ndi masitepe, ndipo n'chifukwa chake migodi yakale ya miyala ku Misisi inasanduka madamu. Madzi osefukira a mu 1978 akuluakulu a ku Kanyama amawasimbabe. Madzi a m'chimbudzi ndi a m'chitsime amakumana m'ming'alu yomweyo, ndipo zotsatira zake tinaziona kolera itabuka mu Okutobala 2017, masukulu n'kutsekedwa, asilikali n'kuchotsa ogulitsa m'misewu. Tinazionanso mu Januwale 2024 pamene bwalo la mpira la Heroes linadzaza ndi mabedi a odwala.

Akatswiri angathe kukumba pa nthaka yotere, pakuti ndalama ikakhalapo amakumba ngakhale kunsi kwa nyanja. Koma dzenje lotero limafuna mapampu osagona usana ndi usiku, mphepo yopopera, magetsi osaphethira. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinkakhala maola oposa 17 pa tsiku opanda magetsi, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga akugwira ntchito pakati pa usiku pamene magetsi abwera. Ngalande ya Bombay, imene ndi ngalande ya poyera yongochotsa madzi a mvula, pamodzi ndi mapaipi a madzi ndi a zonyansa a ku Mtendere ndi madera ena, zinatheka ndi thandizo la madola pafupifupi 355 miliyoni lochokera ku America, ndipo ntchitoyo inatenga zaka kuyambira 2013. Mzinda umene sunathane ndi madzi a pamwamba usathamangire kukapalana ubwenzi ndi a pansi.

Pamene tikulota za kunsi, njanji yeniyeni ikugwira kale ntchito yonyamula anthu a m'komboni, kungoti popanda sitima. Dzukani m'bandakucha mukaime pafupi ndi Misisi. Mudzaona mtsinje wa anthu ochokera ku Chawama, ku John Howard ndi ku Kuku akuyenda m'mbali mwa njanji yaikulu ija ya 1905, kulowera m'tauni. Alonda obwerera kunyumba akupatukirana ndi atsikana a m'masitolo a ku Kamwala, anyamata a mawilibala, amayi osenza mabeseni, ana a sukulu. Amadzera kumeneko chifukwa ndi njira yowongoka kuposa msewu uliwonse, ndipo ndi yaulere. Madzulo mtsinjewo umabwerera. M'mbali mwake mwamera msika wa salaula, makala, chimanga chootcha ndi nsapato zakale. Sitima ya katundu ikamabwera imalira, anthu n'kupatuka pang'ono, ikadutsa n'kubwereranso. Amene akufuna kudziwa ngati sitima ya mumzinda ingapeze okwera safunika kulemba ntchito akatswiri ochokera kunja. Okwerawo ali pa njanji kale, akuyenda ndi mapazi.

Zambia Railways inayesapo kuyendetsa sitima ya anthu a mumzinda pa njanji yomweyi, pakati pa Lilayi ndi Ngwerere, ndipo maganizowo anali olondola. Koma sitima yoyenda mwa apo ndi apo, yopanda malo ooneka oikwerera, siingasinthe nthawi yodzukira ya munthu. Ndalama zikuluzikulu zinapita kwina. Pakati pa 2018 ndi 2021 kampani ya Afcons ya ku India inamanga milatho ya m'mwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Ndi yokongola, ndipo amene ali ndi galimoto anapumako. Koma kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Lusaka muli anthu oposa 2.2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'makomboni, alibe galimoto. Iwo mlatho amauonera kunsi, akudikira mpata wodumpha msewu umene tsopano watakata.

Mavuto a kum'mawa kwa mzinda ndi amtundu wina. Ku Kalingalinga ndi ku Mtendere njanji sinafikeko n'kale lomwe. Mayi wa ku Mtendere amene akufuna kukaona wodwala ku Matero ayenera kukwera basi yodzera mu Alick Nkhata kapena njira ina mpaka m'tauni, kutsika, kudutsa m'chipwirikiti cha Kulima Tower, City Market kapena Lumumba, n'kukweranso ina. Alipira kawiri, adikira kawiri kuti basi idzaze. Pafupifupi njira zonse za mabasi zimathera pakati pa tauni, ngakhale wokwerayo alibe chochita kumeneko, ndipo mtengo wa mafuta ukasintha nkhani yoyamba pa siteshoni imakhala ya mtengo wa basi. Anthu amenewa sitima yokha siingawathandize. Chimene chingawathandize ndi mabasi akuluakulu okhala ndi njira yawoyawo mumsewu, oyenda ndi nthawi, okumana ndi sitima pa siteshoni imodzi, tikiti n'kukhala imodzi.

Anzathu a ku Dar es Salaam, amene tinamanga nawo njanji ya TAZARA, anatisonyeza kuti zimatheka popanda kukumba. Mu Okutobala 2012 anatenga njanji zakale zimene zinali kale mumzinda, kukonza mabogi akale, n'kuyamba kunyamula anthu m'mawa ndi madzulo kuchokera ku Ubungo ndi ku Mwakanga. Anthu mpaka anaitcha sitimayo dzina la nduna imene inaiyambitsa, a Harrison Mwakyembe. Mu 2016 anawonjezera mabasi a njira yawoyawo mu msewu wa Morogoro. Addis Ababa inatsegula sitima yake yamagetsi mu 2015, mbali yaikulu ikuyenda pamwamba. Zonsezi zili ndi zovuta zake, zimadzaza, zimawonongeka, anthu amadandaula. Koma chaka chomwe ife tinkaseka za mbewa m'basi, munthu wa ku Ubungo anali akukwera sitima kupita ku ntchito.

Ena adzati ndikuchepetsa dziko langa, kuti nafenso tiyenera kulota zazikulu. Mwina tsiku lina adzukulu athu adzatsikadi masitepe pa Cairo Road n'kukatulukira ku Matero, ndipo ndingakondwe nazo. Koma ndaona mmene loto lalikulu limagwirira ntchito kuno kwathu. Limabwera ndi chithunzi chokongola mu nyuzipepala, limapatsa aliyense chifukwa chonyozera kanthu kakang'ono kamene kakanatheka chaka chomwecho, kenako limazimirira pamodzi ndi amene analibweretsa. Pa nthawi yonseyo wina akuthira maziko pafupi ndi njanji, wina akuwonjezera chipinda, ndipo kamzere ka nthaka kamene katsala kakunka kachepa. Zimene zinachitikira njira ya ku George ndi ku Chilenje zingathe kuchitikiranso m'mbali mwa njanji yaikulu, ndipo m'malo ena zayamba kale.

Anyamata a minibasi nawo asaiwalidwe pa nkhaniyi. Dalaivala amadzuka usiku kuti apeze ndalama ya mwini basi, ya mafuta, ya pa siteshoni, ndipo yake imabwera pomalizira. Kondakitala amene amatikalipira kuti "fendelani, anayi anayi" nayenso ali ndi ana ku Chibolya kapena ku Chaisa. Sitima ikabwera mowanyoza adzaiona ngati mdani, ndipo ali ndi njira zambiri zoilepheretsera. Koma siteshoni ya ku Chawama kapena ku Matero ingafune timabasi toitutira anthu kuchokera m'kati mwa komboni, maulendo aafupi ambirimbiri m'malo mwa ulendo umodzi wokakhala ola lathunthu pa mzere wa magalimoto mu Lumumba Road. Zimenezi n'zofunika kukambirana nawo poyamba, osati kuwauza zitatha.

Siteshoni imene ine ndikupempha si yovuta kuijambula. Ikhale pamwamba pa nthaka, pamalo okwezeka kuti madzi a dzinja asalowe. Ikhale ndi denga, mabenchi, magetsi a dzuwa kuti mtsikana wobwera ku ntchito usiku asaope, mpopi wa madzi ndi chimbudzi chosamalidwa, pakuti mumzinda wa kolera chimbudzi cha pa siteshoni ndi nkhani ya moyo. Amayi ogulitsa apatsidwe malo awo m'mbali m'malo mothamangitsidwa. Pakhale mlatho wa oyenda pansi wodumphira njanji, mpanda woteteza ana, ndi bolodi lolembapo nthawi ya sitima, ngakhale lolemba ndi choko, bola zolembedwazo zizichitika.

Inu a ku Chawama, ku Misisi, ku Matero ndi ku George, akadzabwera ofuna mavoti ndi zithunzi za sitima zonyezimira, musawafunse za kuya kwa dzenje. Afunseni kuti malo a njanji amene atsala ndi ati, ndani akuwalondera, ndiponso ndani anasaina mapepala a amene anapita. Makhansala ndi aphungu athu akhale ndi yankho la mafunso amenewa asanatiuze za London.